Kalata yotseguka kwa oyang'anira zakale za kugombe la Mangochi

Kwa Olemekezeka Nduna yoona za chikhalidwe,
Mkulu wa nthambi yoyang'anira zipilala ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale,
Mkulu wa nthambi ya mapaki ndi nyama zakutchire,
Bwanamkubwa ndi makhansala a khonsolo ya boma la Mangochi,
Mafumu athu aakulu, a Nankumba, a Mponda, a Chimwala, a Makanjira ndi a Jalasi,

Mabwana ndi mafumu athu, landirani ulemu wathu.

Tikulemba za gombe la kummwera kwa nyanja, kuyambira ku Chembe, kutsika ndi Monkey Bay ndi Nkope, kudzafika pamene mtsinje wa Shire umatulukira, n'kuwolokera tsidya la Malindi mpaka kwa Makanjira, pamodzi ndi mapiri a kwa Jalasi amene amasuzumira gombeli ali kumtunda. Ife ndife amisiri omanga, oyeza malo, aphunzitsi a mbiri ndi ena odziwa kufukula zakale. Sitikupempha ndalama zankhaninkhani. Zimene zikudya zakale za dera lino ndi madzi, mizu ya kachere, moto wa osaka mbewa, mipanda, ndi thumba la simenti likakhala m'manja mwa munthu wa zolinga zabwino. Chilichonse mwa izi chili ndi mankhwala ake odziwika, ndipo ambiri mwa mankhwalawo ndi otchipa kuposa msonkhano umodzi wa m'mahotela a kunyanja komweko.

Anthu ambiri akamva za zakale za ku Mangochi amangoganiza za nsanja ya wotchi ija ili pafupi ndi mlatho, imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mzinga wa sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Liuli, kugombe la Tanzania, ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya pa 30 Julayi 1946. Zimenezo zili m'tauni, pamaso pa aliyense. Nkhawa yathu ili kumidzi.

Ku Chembe kuli manda asanu a anthu a mishoni yoyamba ya Livingstonia. Mishoniyo inafika ndi sitima ya Ilala mu Okutobala 1875, motsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Robert Laws, Mponda atawalola kukhala pamalopo. Matenda anawatha. Dr William Black anamwalira mu 1877, chaka chomwecho n'kumwaliranso Shadrach Mngunana, mphunzitsi wochokera ku Lovedale ku South Africa, ndipo mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe. Kwa Mponda n'kumene ansembe a White Fathers anayamba kukhala mu Disembala 1889, n'kuchokako mu 1891, ndipo n'komwekonso sitima ya Chauncy Maples inalumikizidwira isanalowe m'madzi mu 1901. Tsidya la kum'mawa kuli bwinja la Fort Maguire, linga lotchedwa dzina la msilikali amene anaphedwa mu Disembala 1891 akukatentha zombo za Makanjira. Paphiri kwa Jalasi pali Fort Mangochi. Jalasi anagonjetsa asilikali a atsamunda mu 1892 n'kuwalanda mzinga, iwo n'kubweranso mu 1895 kudzamuchotsa paphiripo, ndipo pambuyo pake anamangapo linga la miyala.

Komatu zonsezi ndi za dzana. Ku Nkope, m'zaka za m'ma 1960, Keith Robinson anafukula mapale ndi zotsalira za anthu oumba mbiya ndi kusula zitsulo amene anakhala pagombeli zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mpaka lero akatswiri a zofukulidwa, ngakhale a ku Zambia ndi Mozambique, mtundu wa mbiya zimenezo amautchula kuti Nkope. Tafunsani mwana wa sitandade 8 wa pa Nkope pomwepo ngati anamvapo kuti dzina la kwawo likuyenda m'mabuku a maiko ena.

Ndiye pali zina zimene sizinalembedwe m'buku lililonse, zomwe kwa eni gombe ndizo zenizeni: madooko amene makolo ankakocheza mabwato, manda a midzi ndi misitu yake, mizikiti yoyamba, milambe imene pansi pake pankaweruzidwa milandu, zitsime, njira zakale zotsikira kunyanja. Kaundula wa zakale wongolemba malinga a atsamunda ndi manda a amishoni, n'kusiya dooko ndi manda a mwini mudzi, anthu sadzamusamala, ndipo sitingawadzudzule.

Choyamba chimene tikupempha ndi kaundula ameneyo, koma wokhala ndi malire ooneka pansi. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limapereka mphamvu yolengeza kuti malo akutiakuti ndi otetezedwa. Kulengezako sikuimitsa khasu. Khasu limaima pamene pali bikoni, kachipilala kosonyeza malire. Malo opanda bikoni amatha mosaoneka: chaka chino wolima m'mphepete waonjezera mzere umodzi, chaka cha mawa iwiri, ndipo pakutha pa zaka khumi chimanga chafika pakhoma. Woyeza malo a lizi nayenso akafika, amayang'ana pa mapu ake, sapezapo kanthu, n'kulowetsa manda kapena bwinja m'kati mwa puloti ya wogula. Sanabe, sanauzidwe.

Ntchitoyi siyovuta. Pakufunika gulu la anthu anayi: mmodzi wa ku nthambi ya zakale, woyeza malo wa ku khonsolo, wamkulu wosankhidwa ndi amfumu a m'deralo, ndi wachinyamata wodziwa kugwiritsa ntchito foni. Malo aliwonse akhale ndi pepala lakelake, ndipo papepalapo palembedwe maina onse a malowo, la Chiyao, la Chichewa ndi la pa mapu, monga mmene eni ake amatchulira. Manambala a GPS. Zithunzi za mbali zonse zinayi, pachithunzi chilichonse pataimikidwa ndodo ya mita imodzi yopakidwa zofiira ndi zoyera. Dzina la banja kapena mpingo umene umasamala malowo. Ndi chimene chikuwaopseza pakali pano. GPS ya foni imaphonya ndi mamita angapo. Polemba kaundula zimenezo zilibe kanthu, koma poika malire ayi, pamenepo pafunika chipangizo cha woyeza malo, ndipo mabikoni a konkire aikidwe m'makona onse anthu oyandikana nawo akuona, atasainira. Bikoni yoikidwa eni minda kulibe imazulidwa usiku womwewo. Mapepalawo akhale atatuatatu: lina kwa amfumu, lina ku khonsolo pa tebulo la ovomereza mapulani ndi malizi, lina ku nthambi. La ku khonsolo ndilo lofunika koposa, chifukwa pamenepo ndi pamene malo amatayikira.

Izi n'zachangu chifukwa cha lamulo la malo a mafumu la 2016, limene likulola mabanja kulembetsa malo awo. Makomiti a malo akamayenda m'midzi, manda, madooko, misitu ya kumanda ndi mabwinja ziyenera kuyamba kulembedwa ngati malo a anthu onse, mapuloti a mabanja n'kubwera pambuyo. Mukatembenuza ndondomekoyi, kubweza dooko lomwe lalowa kale m'chikalata cha munthu ndi nkhani ya kukhoti ya zaka zambiri.

Pa madooko tionjezerepo mawu. Gombe la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay ladzaza makoteji ndi malo ogona alendo, ndipo sitikutsutsa zimenezo, ntchito zikuchokera kumeneko. Vuto ndi mpanda wotsika mpaka m'madzi, wina n'kugundana ndi unzake, mudzi wa kuseri kwake n'kutsala wopanda potungira madzi, pochapira kapena pokokera bwato. Dooko si mchenga wamba. Makolo analisankha chifukwa ndi pobisika ku mwera, pansi pake palibe miyala yong'amba makoka, ndipo pali malo oyalapo mathandala a usipa. Simungalisunthe n'kukaliika pena. Tikupempha kuti lizi iliyonse ya m'mphepete mwa nyanja, yatsopano kapena yoonjezera zaka, isonyeze pa pulani yake njira ya anthu yofika kumadzi, yosachepera mamita atatu m'lifupi kuti ngolo ndi onyamula bwato azidutsa, ndipo njirayo itsate imene inalipo kale.

Tsopano za makoma, ndipo apa tichedwapo, chifukwa ndi pamene okonza amawononga kuposa osiya.

Nyumba zakale za mishoni, matchalitchi, mizikiti ndi nyumba za m'malinga anazimanga ndi njerwa zootcha koma zofewa, zambiri pogwiritsa ntchito dothi, zina laimu. Khoma lotere limamwa madzi m'dzinja n'kuwatulutsa m'chilimwe, ndipo madziwo amatulukira m'mizere ya pakati pa njerwa, popeza dothi ndi laimu n'zofewa kuposa njerwayo. Mukamata simenti m'mizeremo, kapena kupaka pulasitala wa simenti khoma lonse, mwatseka potulukira. Chinyezi chochokera pansi chimakwerabe m'kati mwa khoma chitanyamula mchere wa m'nthaka, ndipo posowa njira chimatulukira m'njerwa momwemo. Madzi akauluka mchere umatsala, n'kumakula m'timabowo ta njerwa mpaka nkhope yake kuyamba kufumbutuka ngati ufa. Pakapita zaka zingapo mumaona mizere ya simenti itaima yokha ngati zisa za njuchi, njerwa zitadyeka m'kati. Pulasitala naye amayamba kulira ngati ng'oma mukamugogoda, kenako amagwa chigamba chachikulu atatenga nkhope ya njerwa. Pa tsiku lopereka ntchito khoma la simenti limaoneka bwino kwambiri, n'chifukwa chake cholakwikachi chimabwerezedwa.

Musanakhudze khoma, yambani mwachotsa madzi. Lata limodzi lodontha limawononga kuposa zaka makumi asanu za dzuwa. Yang'anani misomali, pamene malata akumana, ndi nsonga za mitengo ya denga pamene yalowa m'khoma, chifukwa chiswe chimayambira pamenepo. Dothi launjikana m'mbali mwa nyumba lichotsedwe mpaka litsike masentimita 15 kuchokera pamene pali pansi pa m'nyumba, ndipo nthaka itsetserekere kunja. Maluwa othirira tsiku ndi tsiku m'tsinde mwa khoma achoke. Kakhonde ka simenti kozungulira nyumba, kamene ambiri amati kamateteza maziko, kamatsekera chinyezi pansi n'kuchikankhira m'khoma. Bwino miyala ing'onoing'ono ndi ngalande yotalikirako pang'ono. Mukachita izi, lisiyeni khomalo liume chilimwe chimodzi. Nthawi zambiri theka la matenda limathera pomwepo.

Mng'alu nawo musathamangire kuutseka. Khomani timisomali tiwiri, kena mbali iyi kena mbali inayo, yezani mpata wake ndi rula mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu, n'kumalemba m'kope. Mng'alu wotseguka m'chilimwe n'kubwerera m'dzinja ukungotsata nthaka ya makande, umenewo mutha kuumata ndi laimu. Womangokulirakulira ukunena za maziko, ndipo pafunika injiniya.

Laimu alipo m'dziko muno, amawotcha ku Balaka, boma loyandikana ndi lino. Koma alipo wa mitundu itatu, ndipo ogula katundu wa boma amaisokoneza. Wa kumunda ndi mwala wongopera, sagwira khoma ngakhale mutadikira chaka. Wa m'matumba, wothiridwa kale madzi kufakitale, ndi wabwino, bola muyambe mwamuviika mumgolo masiku angapo mpaka akhale ngati phala lolimba. Wa mibulu, wongochoka kumene mu uvuni, ndiye woposa onse koma ndi woopsa. Mumamuponya m'madzi pang'onopang'ono, osati kuthira madzi pa iye, chifukwa amawira n'kudumphira m'maso. Wogwira ntchitoyo avale magalasi ndi magolovesi. Akazizira mumamusefa n'kumusunga m'dzenje kapena mumgolo, madzi ataphimba pamwamba, kwa miyezi itatu. Ndiye kuti wofuna kukonza khoma mu Juni aviike laimu mu Malichi, ndipo wolemba bajeti adziwe zimenezi, asatulutse ndalama mochedwa n'kumafuna ntchito itathe m'sabata zitatu.

Kasakanizidwe kake ndi ndowa imodzi ya phala la laimu pa ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje, wokhakhala, wosefa, wopanda dothi. Mchenga wosalala wa pagombe sugwira bwino, komanso kuukumba n'kuitana mafunde. Madzi asachuluke, matope ake akhale ongogwirana mukafumbata. Padzapezeka wina wonena kuti tithiremo simenti pang'ono kuti ziume msanga. Mukanizeni. Mzere uliwonse ugobedwe ndi dzanja, osati ndi makina odulira amene amadya m'mphepete mwa njerwa, ndipo kuya kwake kukhale kawiri kukula kwa mzerewo, kawirikawiri masentimita awiri kapena awiri ndi theka. Sesani fumbi, nyowetsani khoma dzulo lake ndi m'mawa wake, kanikizani matopewo mpaka m'kati, ndipo akayamba kulimba agogodeni ndi burashi youma kuti timing'alu titsekeke. Phimbani ndi ziguduli zonyowa kwa sabata imodzi kapena kuposerapo. Laimu salimba chifukwa chouma. Amalimba pokoka mpweya pang'onopang'ono akadali ndi chinyezi, ndiye ntchito yogwiridwa padzuwa la Okutobala la ku Mangochi imasanduka ufa Khirisimasi isanafike. Miyezi yake ndi Meyi, Juni ndi Julayi. Pamene khoma linamangidwa ndi dothi, bwezeranipo dothi lomwelo, laimu akhale wotsekera kunja kokha. Pomaliza pakani njereza yamadzimadzi ngati mkaka, katatu kapena kanayi, kudumphitsa tsiku pakati. Penti wa mafuta amachita zomwe simenti amachita.

Amisiri a m'midzi ya konkuno angaphunzire zonsezi m'sabata ziwiri pa khoma lenileni. Tikupempha kuti kontirakiti iliyonse yokonza nyumba yakale ilembe poyera kuti simenti saloledwa, ndipo kontirakitala ayambe waonetsa luso lake pa kachigawo ka mita imodzi mbali zonse, kavomerezedwe, asanapatsidwe khoma lonse.

Ku Fort Mangochi ndi ku Fort Maguire mdani wamkulu ndi mitengo ndi moto. Mbalame zimasiya njere za kachere ndi mkuyu pamwamba pa khoma, mizu n'kumatsika pakati pa miyala kufuna chinyezi, ikamanenepa n'kumakankha miyalayo. Kamtengo kosaposa chala kazulidwe ndi dzanja m'dzinja, dothi lili lofewa. Wokulirapo musauzule, mudzagwetsa khoma. Udulidwe patsinde, pachitsa papakidwe mankhwala ophera mitengo nthawi yomweyo chisanaume, ndipo pakatha chaka kapena ziwiri mizu itawola, mabowo ake atsekedwe. Kutentha chitsa kuli pakhoma ndiye ayi ndithu, moto umaswa miyala ndi njerwa. Palinso mitengo ina imene yakula mpaka mizu yake ndiyo yagwira khoma. Imeneyo ingophatidwa nthambi kuti mphepo isaigwedeze, kuidula kudikire injiniya. Miyala yogwa isachoke pamene yagwera isanajambulidwe ndi kulembedwa manambala, ndipo pasapezeke womanganso khoma mongoganizira mmene linkaonekera. Kuzungulira linga lonse palambulidwe mpata wa mamita asanu kapena asanu ndi limodzi mu Meyi, udzu usanaumitsitse, udzu wa m'kati umwetedwe n'kutulutsidwa kunja. Imeneyi ndi ntchito ya anthu khumi masiku owerengeka, koma ndi ya chaka ndi chaka. Dziko lathu linapereka ku UNESCO mu 2011 mndandanda wa njira za akapolo ndi za David Livingstone ngati malo amene likufuna adzalembedwe m'gulu la cholowa cha dziko lonse lapansi, ndipo Fort Mangochi ilimo. Oyendera akadzabwera adzafunsa za malire, za wosamalira ndi za kope la ntchito ya chaka ndi chaka.

Za zitsulo ndi ziliza tinena mwachidule. Mzinga usagone padothi, ndipo madzi asaime m'mphako yake. Pakamwa pake paweramire pansi pang'ono. Kupaka penti pamwamba pa dzimbiri n'kubisa chilonda, dzimbiri limadyabe kunsi. Palani ndi burashi ya waya ya pamanja, jambulani manambala ndi zilembo zonse zimene zaonekera, pakani penti woyamba woletsa dzimbiri, kenako wakunja kawiri, n'kumabwereza pakatha zaka zitatu kapena zisanu. Ziliza zitsukidwe ndi madzi okha ndi burashi yofewa. Jik, asidi ndi waya zimayeretsa lero n'kufufuta zilembo mawa. Tizitsulo ta mpanda tolowa m'mwala tikachita dzimbiri timafufuma n'kuswa mwalawo, ndiye tiziyang'aniridwa polowera pake. Mwala wa Mphini, chimwala cha kufupi ndi Chembe, umene mizere yake inajambulidwa ndi chilengedwe osati dzanja la munthu, ukufuna kukambirana ndi asing'anga amene amagwiritsa ntchito tizidutswa take, osati kuwaopseza ndi apolisi; nyundo ikasiya kugunda nkhope ya mwalawo, zina zonse zitha kumvana.

Milambe imafa ndi zinthu zazing'ono zobwerezabwereza: kutentha zinyalala m'tsinde, kusenda khungwa mozungulira, kukhoma zikwangwani za malonda, ndi kudula mizu pokumba maziko. Mizu ya mlambe siizama, imayenda patali kupitirira pamene nthambi zalekezera, choncho malire a mlambe wa mbiri ayezedwe kupyola mthunzi wake, osati pathunthu pokha. Migwalangwa, imene ndi nkhope ya chigwa cha Mangochi, imafa ikagomedwa uchema mpaka kumtima. Mafumu ali ndi mphamvu yopatula ina kuti ikhale yambewu.

Zapansi panthaka ndizo zimatayika popanda wolira. Mudzi wakale wa zaka chikwi suoneka ngati kanthu: dothi lakuda la phulusa, mapale okhala ndi mizere, mikanda, mafupa a nsomba, mibulu yolemera yotsala posungunula chitsulo. Dothi limeneli ndi lomwe oumba njerwa amalikonda, ndipo mitunda ya mchenga ya m'mbali mwa nyanja, imene anthu akale ankamangapo pothawa madzi, ndi yomwe malole amakatapa. Phindu la phale lili pa malo amene lagona, chimene chili pamwamba pake ndi chimene chili pansi pake. Likatoledwa n'kuikidwa m'thumba limodzi ndi ena, lasanduka phale wamba. Madzi akatayika saoleka.

Lamulo lija la 1990 limafuna kuti wokonza ntchito yokumba kapena yomanga adziwitse boma mapulani akadali poyambirira, kuti ngati pakufunika kufukula mopulumutsa kuchitike. Khonsolo ndiyo ingapatse lamuloli mano, pokana kudinda pulani ya hotela, msewu, thanki ya madzi kapena malo okumba mchenga ngati palibe kalata ya nthambi ya zakale. Kuyendera kwake si kwa miyezi. Anthu amayenda mondondozana motalikirana mamita khumi, maso ali pansi, makamaka mvula yoyamba itangotsuka nthaka udzu usanakule. Pamene papezeka zizindikiro amakumba timaenje ta mita imodzi mbali zonse, masentimita khumi nthawi imodzi, dothi lonse likudutsa m'sefa, za muyezo uliwonse m'thumba lakelake lolembedwa. Makala opezeka m'kati amakulungidwa pawokha osagwiridwagwiridwa, chifukwa ndiwo amapimidwa kuti adziwe zaka. Kwa akapitawo a zomangamanga ndi oumba njerwa uthenga ukhale waufupi, wa m'Chiyao ndi m'Chichewa: ukapeza mbiya, mikanda kapena ng'anjo, ima, jambula, usatsuke, usatole, phimba, kauze amfumu. Akakhala mafupa a munthu, amfumu ndi apolisi adziwe tsiku lomwelo. Ndipo wonena asalangidwe ndi kuimitsidwa ntchito mwezi wathunthu akudikira galimoto yochokera kulikulu, apo ayi wotsatira adzangokwirira osanena.

Kwa inu a mapaki ndi a zakale tili ndi pempho limodzi. Paki ya Lake Malawi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inailemba mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna ndi kukongola kwa malo, osati chifukwa cha mbiri ya anthu. Komabe manda a amishoni, Mwala wa Mphini ndi midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chizale zili m'kati kapena m'mphepete mwa pakiyo. Mlonda wa paki anaphunzira za nsomba, mitengo ndi misampha. Za laimu ndi mapale si zake. Wa zakale amadziwa zimenezo koma sakhala pamalopo tsiku ndi tsiku. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Lembani pangano la tsamba limodzi lotchula, pa malo aliwonse, udindo wa munthu mmodzi amene adzafunsidwe khoma likagwa, wolambula, woyendera kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi itatha, ndi thumba limene kandalama ka wosamalira wa m'mudzi kazichokera. Alonda a paki aphunzitsidwe tsiku limodzi kuzindikira phale lakale ndi kudzaza pepala la kaundula.

Zikwangwani zofotokoza mbiri zikhale m'Chiyao ndi m'Chichewa, Chingerezi chibwere pachitatu, ndipo zisakhale za chitsulo chokopa ogula zitsulo zakutha. Matailosi owotcha omatidwa pa chipilala cha njerwa amapirira dzuwa ndipo alibe msika. Zolembedwapo zinene zoona zonse. Makanjira ndi Jalasi anagulitsa anthu, ndipo anakananso kulandidwa dziko. Atsamunda anathetsa malonda a akapolo panyanja, ndipo anatenthanso midzi n'kubweretsa msonkho. Zidzukulu za ogulitsa ndi za ogulitsidwa zikukhala mudzi umodzi, zinakwatirana kalekale. Mawu a pachikwangwani chotere sangalembedwe mu ofesi. Awerengedwe pabwalo, mafumu, mashehe ndi akulu a mipingo alipo, asanawotchedwe pa tailosi. Nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum, imene ili m'tauni ya Mangochi, ndi malo oyenera kusungako makope a kaundula ndi mawu ojambulidwa a okalamba odziwa maina a madooko ndi miyala ya m'nyanja.

Chotsala ndi nyanja yeniyeniyo. Nyanja ino simakhala pamodzi. Pakati pa 1915 ndi 1935 inaphwera mpaka Shire anasiya kutuluka. Mu 1980 inakwera kufika pafupifupi mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo mu 2024 inapitiriranso mamita 476 n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Pagombe lathyathyathya ngati lathu, kukwera kwa mita imodzi kumalowetsa madzi kumtunda mamita makumimakumi, mwera n'kumagumula gombe ndi mafunde. Manda ndi midzi yakale ya m'mphepete zimakokoloka nthawi ngati zimenezo. Khoma la konkire lotchinga mafunde limapulumutsa puloti imodzi n'kukankhira kugumukako kwa woyandikana naye. Bango ndi mitengo ya m'mphepete zimaswa mafunde popanda kupweteka wina, ndiye kutchetcha bango kutsogolo kwa manda kapena bwinja kuletsedwe. Malo amene sangapulumuke afukulidwe ndi kujambulidwa madzi akadali kutali, ndipo za kusuntha manda zikhale m'manja mwa eni ake ndi mafumu.

Pamene madzi a 2024 analekezera anthu akukumbukirabe, ndipo pamakoma ena ndi pamiyala mzere wake ukuonekabe. Gulu la kaundula lija likamayenda, lifunse eni mudzi pamenepo, likhome bikoni yolembedwa chakacho pa dooko lililonse, ndipo papepala la malo aliwonse palembedwe kuti ali mamita angati kuchokera pa bikoniyo, kumtunda kapena kumadzi. Malo onse opezeka kumadzi kwa bikoni ndiwo ayambe kuyenderedwa, mvula ikubwerayi isanagwe.

Ndife anu,
Amisiri omanga, oyeza malo, aphunzitsi a mbiri ndi ofukula zakale okhudzidwa ndi gombe la Mangochi